Sirius ndi Canopus: yowala kwenikweni ndi iti?

Mu Febuluwale, mitambo ya dzinja ikapatukako cha m'ma 21:00, yang'anani kumwamba. Nyenyezi yoyera mbee ili paliwombo panuyo ndi Sirius. Kuno ku Lusaka imadutsa pamutu penipeni chifukwa tili madigiri 15 kummwera kwa equator. Kenako tembenukirani kummwera, mbali ya ku Kafue, mutsitse maso pang'ono: muona Canopus. Ndi maso, Sirius imawala pafupifupi kawiri kuposa inzakeyo.

Kuwala kumene timaonaku kumayezedwa ndi magnitude, ndipo nambala zake zimayenda chobwerera m'mbuyo. Agiriki akale ankaika nyenyezi zowala kwambiri m'gulu loyamba, zooneka movutikira m'gulu la 6. Mu 1856 katswiri wa zakuthambo wa ku England, Norman Pogson, anakhazikitsa kuti kusiyana kwa masitepe 5 kukhale kuwala kochuluka ka 100, kotero sitepe imodzi ndi ka 2.5. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amagwa, chifukwa amachotsera m'malo mochulukitsa. Nyenyezi ya magnitude 1 imaposa ya magnitude 3 ka 6.3, osati kawiri. Zowala koposa zimatsika mpaka pansi pa ziro: Sirius ndi −1.46, Canopus −0.74, Dzuwa −26.7.

Koma nambala zimenezi sizinena mphamvu ya nyenyeziyo. Tochi ya pafoni mukaiyandikiza kumaso imathobwa kuposa magetsi a ku Heroes Stadium mukawaonera ku Chilenje. Mtunda ukawirikiza kawiri, kuwala kumachepa kanayi. Ukawirikiza ka 10, kumachepa ka 100.

Kuwala kwa Sirius kumatifika patatha zaka 8.6, pamene kwa Canopus kumayenda zaka pafupifupi 310. Ndiye kuti Canopus ili kutali ka 36, ndipo 36 kuchulukitsa ndi 36 ndi pafupifupi 1,300. Ikanasendera pamalo a Sirius, bwenzi ikuwala ka 1,300 kuposa lero! Sirius imatulutsa mphamvu zoposa za Dzuwa ka 25, koma Canopus ka 10,000 ndi kupitirira. N'chifukwa chake akatswiri amayerekezera nyenyezi zonse zitaima pamzere umodzi, pamtunda wa maparsec 10, womwe kuwala kumauyenda zaka 32.6. Nambala yapamenepo ndiyo absolute magnitude. Sirius imasanduka +1.4, Canopus pafupifupi −5.6, ndipo Dzuwa lathu loopsali limangokhala +4.8, kanyenyezi koti m'tauni muno simungakaone n'komwe.

Mukafuna kuyesa nokha, yerekezani nyenyezi zimene zonse zakwera bwino. Yomwe ili m'munsi kuwala kwake kumadutsa mumpweya wambiri, fumbi ndi utsi wa mbaula, choncho imaoneka yofooka ndi yofiirira. Patsani maso mphindi 20 mumdima, foni ili m'thumba, chifukwa kuyatsa sikirini kamodzi kokha mwayambiranso. Pakati pa tauni mungalekezere pa magnitude 3 kapena 4, koma kumidzi ya ku Chongwe usiku wopanda mwezi maso abwino amafika pa 6.