Chitenje cha m'chikwama

Loweruka m'mawa pa De Villiers Street, chakufupi ndi Park Station ku Johannesburg, mupeza amayi atawerama pa milu ya zovala. Eni dziko amati dunusa, ife timangoti kaunjika wa Kujoni. Mayi wina wa ku Dedza watukula kadiresi kamaluwa, kopepuka, kolekeza m'mawondo. "Asisi, aka kutchalitchi kangalowe?" Mnzakeyo akayang'ana uku ndi uku. "Pakokha ayi. Koma mukamanga chitenje pamwamba, adziwe ndani?"

Funso la mayiyu silinayambire ku Johannesburg. Mu 1973 boma la Kamuzu Banda lidakhazikitsa lamulo la kavalidwe, Decency in Dress Act. Mkazi sankaloledwa kuvala buluku pagulu, ndipo siketi kapena diresi inkayenera kubisa mawondo. Ngakhale mzungu wotsika ndege pa Chileka atavala mini ankauzidwa kuti afunde kaye nsalu. Kunyanja ndi kumasewera ankalekererako. Amuna nawo sadapulumuke: tsitsi lalitali ankalimeta. Choncho kwa zaka 20 kutalika kwa diresi sinali nkhani ya mwini thupi, inali nkhani ya apolisi ndi anyamata a chipani. Chovala cholemekezeka chinali chilundu, kapena nsalu ya nkhope ya Ngwazi imene mbumba inkavinira.

Nthawi imeneyo obwera kuno ambiri anali amuna, a Wenela, okagwira m'migodi. Ndege itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, Kamuzu adaimitsa ulendowo kwa kanthawi. Madiresi a Kujoni amayi ankangowaonera m'sutikesi ya bambo wobwera ku tchuthi, ndipo yaifupi inkathera kwa telala kapena pansi pa bokosi.

Lamulo lija lidachotsedwa itapita referendamu ya 1993. Chaka chotsatira mayiko onse awiri adavota, South Africa mu April, Malawi mu May. Kuchokera apo amayi adayamba kukwera okha mabasi odzera pa Mwanza, Nyamapanda ndi Beitbridge, ena kudzaoda katundu, ena kudzagwira ntchito m'nyumba za anthu. Adapeza mzinda umene gogo wa imvi amavala jinzi popanda womucheukira.

Koma tisanamizane, kuno nakonso si kumwamba. Mu February 2008 mtsikana wina adavulidwa ndi kuchitidwa chipongwe pa siteji ya mateksi ya Noord chifukwa cha mini, mpaka amayi adaguba kukadzudzula. Patangotha zaka zinayi, mu January 2012, mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre adachita zomwezo kwa amayi ovala mabuluku ndi masiketi aafupi. Bingu wa Mutharika adanena poyera kuti mkazi ali ndi ufulu wovala chimene akufuna. Lamulo lidafa m'mabuku, koma maso a anthu adatsala nalo.

N'chifukwa chake Mmalawi wa ku Mayfair kapena ku Rosettenville amawerenga diresi mosiyana ndi mnzake wa Chizulu. Kadiresi kamanja aafupi n'koyendera: kukagula ndiwo, kukatumiza ndalama kumudzi, kukawotcha nyama ku Zoo Lake dzuwa la December likamaswa mtengo. Mu June kamafuna juzi ndi masokosi, poti chisanu cha kuno sichiseka ndi munthu. Ku chinkhoswe sikayandikira, kumeneko n'kosoketsa, ndipo gulu lonse la kuchikazi limagula nsalu imodzi. Ena tsopano akusakaniza ndi shweshwe, nsalu yolimba ija ya timadontho yopangidwa ku Eastern Cape, imene imabwera ili gwa ndi sitachi mpaka uichape kaye. Ine ndimaikonda, ngakhale azakhali anga amati imanunkha ngati sitolo. Amayi a Mvano alibe vuto, yawo ndi bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera, kaya kuli ku Blantyre kaya kuno.

Mkangano weniweni umabuka pa zithunzi. Mtsikana ajambulitsa ku Sandton atavala kadiresi kake, aika pa WhatsApp, ndipo dzuwa lisanalowe apongozi ku Ntcheu aona kale. "Kodi amayi a Chisomo, nsalu zinatha Kujoniko?" Yankho limakhala lakuti nsalu ilipo, amayi, ili m'chikwama. Ndipo ilipodi.

Mukafuna kuiona, pitani pamene Mmalawi watisiya, anthu akusonkha zoti thupi lipite kumudzi. Amayi amatsika teksi ali ndi zovala za kuntchito, wina jinzi, wina kadiresi ka pa dunusa kaja. Akafika pageti amaima, aliyense n'kutsegula chikwama. Chitenje m'chiuno, duku kumutu, foni aika pa sailenti. Kenako alowa mowerama, n'kukakhala pansi kumbali ya amayi anzawo, nyimbo ili mkati.