"CD20 positive" pa pepala la khansa sikutanthauza HIV

Nkhaniyi ndailongosola kambirimbiri m'khonde la chipatala mpaka pakamwa kuuma, ndiye lero ndingoilemba. Pepala la ku labu likabwera litalembedwa kuti "CD20 positive", za kachilombo ka HIV palibepo.

Kuno kum'mawa kwa Zambia CD4 timaidziwa ngati mtengo wa feteleza chifukwa ndi imene amapima kwa anthu a HIV, ndipo pavutira pomwepo. Ma CD alipo oposa 300. Ndi zizindikiro zokhala pamwamba pa maselo oteteza thupi, monga chidindo chimene amaotcha pa ng'ombe kuti adziwe khola lake. CD4 imapezeka pa maselo otchedwa T, CD20 pa otchedwa B. Selo ikasanduka khansa, kawirikawiri chidindo chake imakhala nachobe, ndipo ife timawerenga pamenepo kuti tidziwe mtundu wa matenda, liwiro lake, ndi mankhwala amene angaugwire.

Achibale amakonda kufunsa kuti, "Adokotala, yafika siteji yanji?" Funsolo n'labwino, koma pa khansa ya m'magazi silikwanira palokha. Odwala awiri angathe kutupa m'khosi mofanana ndendende, wina n'kukhala zaka zambiri osafunika mankhwala, mnzakeyo n'kufooka m'masabata ochepa. Pa leukemia (khansa ya maselo oyera a m'magazi) ya mtundu wa CLL, chidindo cha CD38 chikachuluka kawirikawiri matenda amathamanga. Pa lymphoma (khansa yoyambira m'maselo a mwanabere) ya Burkitt, ija yotupitsa ana nsagwada imene Denis Burkitt anailongosola ku Uganda mu 1958, pafupifupi selo iliyonse imakhala ikugawikana, moti chotupa chimatha kuwirikiza kukula m'masiku awiri okha. Chonsecho imeneyi ndi imodzi mwa zomva mankhwala bwino zikapezeka msanga. CD20 nayo ndi chogwirira: mankhwala a rituximab amakakamira pomwepo n'kuononga seloyo.

CD4 ili ndi malo ake. Munthu wa HIV amene ali ndi lymphoma, ikakhala yotsika kwambiri thupi limavutika kupirira chemo, mankhwala amphamvu a khansa. Ma ARV asasiyidwe ngakhale tsiku limodzi.

Pali bambo wina amene sachoka m'mutu mwanga. Mlimi wa mtedza, wamphamvu zake, anabwera mwambo wa Nc'wala wa mu February usanachitike ali ndi mwanabere wosapweteka m'khosi ndi m'khwapa, akutuluka thukuta usiku mpaka kunyowetsa chofunda. Mankhwala a TB anali atamwa kale miyezi iwiri osaona kusintha. Tinadula kanyama, tinatumiza. Zotsatira zitafika ndinasangalala, chifukwa unali mtundu wotheka kuchiza. Ndinalemba kalata yopita nayo ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, n'kuwapatsa pamodzi ndi pepalalo. Tsikulo mzere unali wautali ndipo sindinakhale nawo pansi mokwanira. Limenelo ndi tchimo langa.

Kunyumba mphwawo wa kusekondale anawerenga mawu amodzi okha, "positive". M'banja munabuka mkangano, mayi anabwerera kwawo, ndipo bambo aja chifukwa cha manyazi kalata anaibisa pansi pa mphasa. Ndalama ya basi inapita kwa sing'anga, amene anatema mphini pazotupa zenizenizo n'kupakapo phulusa. Kenaka kunabwera wina wa mabotolo a "zokweza chitetezo". Anthu awa amandikwiyitsa zedi. Pa lymphoma, maselo a chitetezo ndi amene apenga, tsono mukukweza chiyani?

Anabweranso mwambo wa Kulamba wa mu August utadutsa, atanyamulidwa pa ngolo mpaka pamsewu, mimba itatupa, mabala a mphini akutuluka mafinya. Anandigwira dzanja n'kufunsa motsitsa mawu: "Adokotala, ndiuzeni zoona, ndinakatenga kuti kachilomboka?" Magazi awo tinali titapima kale ulendo woyamba uja. Analibe.

Chotupa cha m'khosi, m'khwapa kapena m'mphechepeche chikatha milungu itatu kapena inayi osaphwa, makamaka chosapweteka, pemphani kuti adule kanyama akapime. Pepala likabwera, musatuluke m'chipinda mpaka wina atakuwerengerani mzere uliwonse m'Chinyanja, ngakhale a pambuyo panu azing'ung'udza.