Werengani chikwangwani penti isanaume

"Bola anthu akumva." Yankho limeneli ndatopa nalo. Eni mashopu amandiuza choncho ndikawasonyeza kuti chikwangwani chawo chalakwika, ena mpaka kukwiya ngati ndawanyoza. Ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani, ndipo zimandiwawa kuona munthu atalipira ndalama kuti achititsidwe manyazi pakhoma lake lomwe.

Yendani mu Ndirande, ku Bangwe kapena ku Kawale mukuwerenga makoma. Mupeza "makhwala" pogulitsa mankhwala, "somba" pogulitsa nsomba, "pala la ana" pogulitsa phala. Anthu amalemba momwe akuyankhulira, ndiye n, m ndi h zimatsala m'njira. Zachingerezi ndiye musakambe: "saloon" m'malo mwa "salon" pakhomo la okonza tsitsi, "stationary" m'malo mwa "stationery" pogulitsa makope ndi zolembera. Za l ndi r sindibwereza, munaphunzira ku pulayimale. Malamulo a kalembedwe alipo kalekale. Chichewa Board, bungwe lomwe linkaona za chiyankhulo cha Chichewa, inawatulutsa mu 1973, n'kuwakonzanso mu 1980 ndi 1990, ndipo mphunzitsi wa Chichewa aliyense amawadziwa. Kungofunsa kokha ndiko kukutikanika.

Koma chimene sichichoka mumtima mwanga si cha pashopu. Nthawi ya kolera ija ya 2022 ndi 2023, anthu a m'dera lina anasonkha ndalama zoika chenjezo pachitsime. Mawu ake anayenera kukhala akuti "Musamwe madzi awa osathira klorini." Wolembayo, pothamangira ntchito ina, anadumpha "sa". Pakhoma panalembedwa ndi penti yofiira, zilembo zikuluzikulu, kuti "Mumwe madzi awa osathira klorini." Akuluakulu ankadutsa n'kumawerenga zomwe ankayembekezera kuona, poti diso limadzaza lokha pomwe paperewera. Ochepa omwe anazindikira ankangoti akomiti akonza. Pachitsime chomwecho pankatunga ana asukulu, amene amawerenga chilembo ndi chilembo ndipo amakhulupirira kuti cholembedwa pakhoma ndi choona. Pamene ndinaitanidwa kukafufuta, chenjezolo linali litakhala masiku ambiri likulamula anthu kuchita chomwe linayenera kuletsa.

Chenjerani ndi anyamata oyenda ndi burashi ndi kachitini ka penti, otchula mtengo wotsika asanaone n'komwe khoma. Ambiri dzanja ali nalo ndithu, zilembo zawo n'zokongola, koma salemba kaye ndi choko ndipo sakupatsani mpata wowerenga. Akalandira ndalama simuwaonanso. Osindikiza pakompyuta nawonso musawakhulupirire ndi maso otseka. Ena amangotenga uthenga wanu wa pa WhatsApp momwe ulili, ndi zolakwika zomwe foni yasintha yokha, n'kuukuza pansalu ya mamita atatu.

Lembani mawu anu papepala. Apatseni anthu awiri omwe sanawaonepo, mmodzi akhale mphunzitsi, awerenge mokweza. Wolembayo ayambe ndi choko, inu muime patali muwerengenso asanatsekule chitini. Nambala ya foni ya m'manja ili ndi manambala 10: awerengeni, kenako muiyimbe mukuyang'ana pakhomapo, chifukwa nambala imodzi ikasemphana makasitomala anu onse akupita kwa munthu wina. Ndipo mukaona cholakwika, konzani tsiku lomwelo. Choko chimachoka ndi kansalu konyowa, pamene penti ya oyilo ikauma muyenera kupakanso khoma lonse ndi kumulipira wolemba kachiwiri.