Mphete yachikasu ija mwazula mu kompyuta si ya wailesi

Ndatopa nawo mawu akuti “koma zikufanana” pa tebulo langa lokonzera zipangizo kuno ku Lilongwe. Munthu amabwera ndi kawailesi kotumizira mauthenga komwe walumikiza yekha, kakununkha kupsa, ndipo ndikamulozera kachipangizo kolakwika amayankha kuti kakufanana ndi kamene anakaona pa chithunzi. Mafunde a 7 MHz, amene mawailesi amenewa amatumiza, saona chithunzi.

Mlandu waukulu uli pa timphete tokulungapo waya, timene amisiri timati toroid. Mapulani ambiri a mawailesi ang'onoang'ono amafuna mphete ya mtundu wa T50-2, yomwe ndi yofiira, kapena T50-6, yomwe ndi yachikasu. Popeza timpheteti n'tovuta kupeza m'mashopu athu, anthu amatsegula bokosi la magetsi la kompyuta yakufa n'kuzulamo mphete yachikasu yokhala ndi mbali imodzi yoyera. Imeneyo ndi ya mtundu wa 26, ndipo inapangidwira kusefa magetsi a kompyuta. Mukaikulunga waya maulendo amene pulani yanena, koyilo imatuluka yaikulu kangapo kuposa yofunikayo, ndipo mphamvu yoyenera kupita ku eriyo imathera m'mphetemo ngati kutentha.

Nkhani ya mnyamata wina wa ku Kawale imandiwawabe mpaka lero. Anali ndi dzanja labwino, moti mtovu wake unali wosalala ndi wonyezimira kuposa wa ena amene amadzitcha amisiri. Koma m'sefa yake munali mphete zitatu za m'kompyuta zija. Transista yake ya IRF510 itapsa koyamba, anapita kwa katswiri wina wa pakhonde amene anamugulitsa ina. Itapsanso katswiriyo anamuuza kuti sefayo ndi imene ikudya mphamvu, aichotse. Apo ndiye panandikwiyitsa, chifukwa sefa imeneyo ndi imene imatsekereza mafunde osafunika a 14 MHz ndi 21 MHz amene amabadwa pamodzi ndi a 7 MHz, ndipo kuichotsa ndi kuthira phokoso m'makutu mwa anthu ena. Anafika kwa ine patapita miyezi itatu, bolodi litachita kuda bii, tinjira ta kopa titamatuka. Ndinamufunsa kuti, “Achimwene, mphete itayamba kutentha tsiku loyamba lija munadikira chiyani?” Anangowerama. Akanabwera sabata yoyamba tikanangosintha mphete zitatu, koma apa zonse zinayenera kuyambidwanso, ndipo ndalama zinali zitamuthera. Sanabwerenso.

Choncho chipangizo chikatentha moti chala sichingakhalepo, zimitsani pomwepo. Musaike transista yaikulu, musamange fyuzi ndi waya, ndipo musamvere aliyense amene akukonza wailesi yotumiza mafunde alibe ngakhale mita m'manja. Wodziwa kusintha galasi la foni sikuti wadziwanso mafunde.

Zolakwika zina ndi zomwezomwezo. Chingwe cha dishi ya TV ndi cha 75 ohms pamene mawailesi athu amayembekezera 50 ohms, monga cha RG-58, ndipo ngakhale cha dishicho chimatheka kwa wodziwa kuyeza, waya wake wakunja nthawi zambiri amakhala wa aluminiyamu amene sagwira mtovu. Ma resistor oyera ooneka ngati simenti ali ndi waya wokulungidwa m'kati, kotero sayenera kulowa m'malo mwa eriyo poyesa wailesi. M'malo mwake, lumikizani mogundizana mbali zonse ziwiri ma resistor wamba 20 a 1,000 ohms ndipo mupeza 50 ohms yoyenera. Pamalo potchunira mafunde ikani kapasita ya mtundu wa NP0, imene sisinthasintha ndi kutentha, apo ayi siteshoni izingoyendayenda chipinda chikayamba kutentha masana a Okutobala.

Komanso kumvetsera n'kosiyana ndi kutumiza. Musanatumize chilichonse m'mlengalenga mufunika chilolezo cha bungwe la MACRA, ndipo dzina loitanira la ku Malawi limayamba ndi 7Q. Ndege zotera pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi zimalankhulana pakati pa 118 ndi 137 MHz, ndipo kachipangizo ka FM kopanda sefa, kokulitsidwa mphamvu ndi akatswiri a pakhonde aja, kakhoza kutayira phokoso kumeneko mwini wake osadziwa. Mphete zoyenera itanitsani kunja ngakhale zichedwe mwezi wathunthu, ndipo podikirapo yambani ndi mbali yolandira mawu, imene siwotcha transista.