Postdoc ya quantum ku Ulaya kudzera ku MSCA: mafunso ndi mayankho

MSCA ndi chani?

Ndi Marie Skłodowska-Curie Actions, ndipo pano tikunena za Postdoctoral Fellowship yake ya anthu omwe amaliza PhD, ndalama za European Union pansi pa pulogalamu yake ya kafukufuku ya Horizon Europe. Amakulipirani malipiro a pamwezi, ya mayendedwe komanso ya banja ngati muli nalo, kwa miyezi 12 mpaka 24 mukupanga kafukufuku wanu ku lab ya ku Ulaya.

Ine wa ku Malawi kapena Zambia ndingalowe nawo?

Eya, European Fellowship, mtundu wa fellowship imeneyi wopangira kafukufuku ku Ulaya, siyang'ana pasipoti. Chofunika PhD ikhale itatha pofika tsiku lotseka, ngati mwadifenda kale thesis koma graduation sinachitike zimatheka ndithu. Musapitirirenso zaka 8 za kafukufuku chitengereni PhD, koma nthawi ya uchembere amachotsera, azimayi musadzichotse nokha musanawerenge bwino.

Nanga lamulo la mobility, lokhudza dziko lomwe mungapiteko?

Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Dziko lomwe mukupitalo musakhale kuti munakhalako kapena kugwirako ntchito miyezi yoposa 12 pa miyezi 36 yapitayo pofika tsiku lotseka. Amene PhD wapangira ku Wits kapena Stellenbosch ku South Africa alibe vuto, koma amene wangomaliza kumene ku Germany asankhe dziko lina.

Ndiyambire pati?

Pezani kaye supervisor, osati fomu. Proposal imalowa m'dzina la host, kutanthauza yunivesite kapena lab yokulandirani, ndiye popanda pulofesa wovomera kukulandirani palibe chomwe mungatumize. Kulandira ma proposal kumatsekedwa mu September koma imelo yanu ifike kwa iwo mwina March kapena April chifukwa ma yunivesite ena amayamba asefa okha anthu awo. Malo alipo, QuTech ku Delft, IQOQI ku Innsbruck ndi Vienna, ICFO pafupi ndi Barcelona, Max Planck Institute of Quantum Optics ku Garching. Ndipo chonde musalembe kuti "ndimakonda quantum" basi, quantum ndi yotakata, wa trapped ions ndi wa superconducting qubits ndi wa photonics sagwira ntchito imodzi. Werengani ma pepala awo pa arXiv, webusaiti yomwe asayansi amaikapo ma pepala awo, tchulani limodzi, nenani luso lomwe inu mukubweretsa lomwe gulu lawo lilibe, kaya ndi simulation kaya ndi optics ya pa tebulo.

Amagoletsa bwanji?

Excellence (ubwino wa sayansi yake) 50%, impact (phindu lomwe idzabweretse) 30%, implementation (dongosolo la kagwiridwe ka ntchito) 20%, ndipo gawo lalikulu la proposal ndi masamba 10 okha. Anthu a physics timathera mphamvu zonse pa sayansi nkusiya impact ya tsiku lomaliza, pomwe 30% ija ndi yambiri zedi. Zotsatira zimatuluka cha mu February.

Ndikalephera?

Mutha kuyesanso, koma mukapeza pansi pa malire omwe aikidwa (mpaka 2025 anali 70%) simungabwererenso chaka chotsatira ndi host yemweyo.

Ku UK kumatheka?

Kumatheka, UK inalowanso mu Horizon Europe mu 2024. Kungoti pa maphunziro ngati a quantum ambiri amafunika satifiketi ya ATAS, chilolezo cha boma la UK, asanapemphe visa, imatenga masabata angapo, ndiye funsani a HR a host wanu msanga.