Mapepala akale sadzakuwerengera madontho a diripi

"Asista, chibwera n'chiyani pa mayeso chaka chino?" Funso limeneli landitopetsa. Ophunzira unamwino amandifunsa pakhonde la kalasi, makolo awo nawonso amandipeza tikatuluka m'tchalitchi n'kundinong'oneza zomwezo, ngati kuti mafunso ndimayenda nawo m'chikwama. Yankho langa silisintha: chibwera ndi wodwala. Mayeso a Nursing and Midwifery Council of Zambia, bungwe lomwe kale tinkalitcha General Nursing Council lamulo la 2019 lisanabwere, alipo kuti aone ngati tingakusiyire munthu wodwala usiku, dokotala ali kutali, iwe n'kudziwa choyamba kuchita. Amene akukonzekera china chake osati chimenechi akungotaya nthawi ndi ndalama za makolo.

Ndiyambe ndi masamu a mankhwala, poti ndi pomwe ambiri amagwa, ndipo amagwa chifukwa chozengereza. Amawasiya mpaka sabata yomaliza, ati ndi ochepa, adzangoloweza. Masamu salowezedwa ayi. Tenga Ringer's lactate, madzi a m'diripi, wa 1000 ml woti alowe m'maola 8, ndipo paketi ya chubu cha diripi yalemba kuti madontho 20 ndiwo 1 ml. Chulukitsa 1000 ndi 20, gawa ndi mphindi 480, upeza madontho 42 pa mphindi. Zosavuta. Koma ndikangosintha chubucho n'kuika cha ana, cha madontho 60, manja ambiri amatsika m'kalasi, chifukwa chimene analoweza ndi 42, osati njira yake. Chimodzimodzi panado wa madzi: mwana wa makilo 12, mlingo wake 15 mg pa kilo iliyonse, botolo lalemba 120 mg mu 5 ml. Yankho ndi 7.5 ml. Ndaonapo mapepala olembedwa 75 ml, wolembayo osadabwa n'komwe. Ukapeza yankho, ima kaye udzifunse ngati mwana angamwedi zimenezo. Kadontho kamodzi kakasochera pakati pa manambala, mlingo umachuluka kakhumi. N'chifukwa chake timalemba 0.5 osati .5, ndipo pa insulin timalemba liwu lonse lakuti units, chifukwa U wolembedwa mothamanga amawerengeka ngati ziro.

Masamuwa azichitika tsiku ndi tsiku, ngakhale awiri okha, ndi pensulo, kuyambira chaka choyamba. Ngakhale mu minibasi yochokera ku Chawama munthu angathe kuwachita ngati wapeza mpando.

Mankhwala enieniwo, lekani kuwaloweza motsata mndandanda wa buku kuyambira A mpaka Z. Yambani ndi amene mumawagwira m'manja mu wodi. Rifampicin, mankhwala a TB, amafiiritsa mkodzo, ndipo wodwala TB amene sanauzidwe amachita mantha n'kusiya mankhwala. Rifampicin yemweyo amachepetsa mphamvu ya dolutegravir, mmodzi wa ma ARV, m'thupi, n'chifukwa chake munthu amene ali pa ma ARV ndi mankhwala a TB pamodzi amawonjezeredwa dolutegravir kuti azimwa 50 mg kawiri patsiku. Isoniazid amachititsa dzanzi m'mapazi, motero amatsagana ndi pyridoxine. Ethambutol, funsa za maso. Gentamicin, ganizira impso ndi makutu. Coartem amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, ndi chakudya cha mafuta pang'ono kapena mkaka kuti alowe bwino m'thupi. Digoxin usanapereke umawerenga kugunda kwa mtima mphindi yathunthu, ndipo kukakhala pansi pa 60 kwa munthu wamkulu umaimitsa n'kunena. Potassium chloride sabayidwa mwachindunji mumtsempha, zivute zitani. Amasungunulidwa m'diripi n'kulowa pang'onopang'ono, kupanda apo mtima umaima. Pa mankhwala aliwonse funso ndi lomwelo: akuchita chiyani m'thupi, ndiyang'ane chiyani ndisanapereke, ndiyang'ane chiyani ndikapereka, ndimuuze chiyani wodwala. Ukatha kuyankha zimenezi, woyesa atembenuze funso mmene angafunire, sakupeza.

Za kuyala bedi ndi kusamba m'manja sinditayapo nthawi, mumazidziwa. Koma kupuma kwa wodwala, abale anga! Tsegulani matchati ambiri muone: 20, 20, 20, kuyambira m'mawa mpaka usiku, kwa odwala onse, ngati anabadwa ndi mapapo amodzi. Palibe amene anawerenga. Munthu wamkulu amapuma pakati pa 12 ndi 20 pa mphindi, ndipo kawirikawiri kupuma ndiko kumayamba kusintha zinthu zikamaipa, zina zonse zikuonekabe bwino. Pa mayeso a manja, woyesa amaona ngati maso ako alidi pa chifuwa cha wodwala ndi pa wotchi, kapena ukungoyerekeza.

Pali nkhani ina imene sichoka m'mutu mwanga. Mtsikana wina wanzeru kwambiri, amene ankakhoza bwino kuposa anzake onse, anali pa ntchito ya usiku mu wodi ya ochitidwa opaleshoni pachipatala china. Anapatsidwa mayi amene anatuluka ku fiyeta madzulo, atang'ambidwa pamimba. Mtsikanayo sanagone, sanabe manambala, anayeza pa nthawi yake n'kulemba mwaukhondo. Kugunda kwa mtima 88, kenako 96, kenako 108, kenako 120. BP inali cha m'ma 110/70, osasuntha kwenikweni. Mayiyo ankangotembenuka pabedi, akupempha madzi, manja ali ozizira, ndipo m'thumba la mkodzo munali kochepa zedi. Sista atadzazungulira cha kum'bandakucha anangoyang'ana tchati n'kuthamangira foni. Mayiyo ankataya magazi m'kati. Anabwerera naye ku fiyeta, anamuika magazi, ndipo anapulumuka, koma padangotsala pang'ono.

Nditamufunsa mtsikanayo chifukwa chake sananene, anati, "BP inali bwino, Asista, ndiye ndinaopa kuvutitsa akuluakulu." Chimene chimandipweteka n'chakuti masabata angapo m'mbuyomo anali atalemba zizindikiro zonse za shock, vuto la magazi kusafika mokwanira m'ziwalo, pa pepala langa, osaphonya ngakhale chimodzi, ine n'kumupatsa malikisi onse. Ankadziwa mndandanda. Sankadziwa chifukwa chake. Magazi akamachepa thupi limadziteteza: mtima umathamanga, mitsempha ya pakhungu imafinyika n'chifukwa chake manja amazizira, impso zimasunga madzi n'chifukwa chake mkodzo umatsika pansi pa 30 ml pa ola. Zonsezi zimachitika kuti BP isagwe. Ikadzagwa, ndiye kuti thupi latopa kale ndipo mwachedwa. Akanamvetsa zimenezi, manambala anayi aja akanamulankhula okha. Ndipo za mantha oopa kudzutsa sista, akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kudzenje, koma mu wodi amene amafa si wamanyaziyo.

Mafunso a medical-surgical, phunziro la kusamalira odwala wamba ndi ochitidwa opaleshoni, amamangidwa chonchi. Amakupatsa munthu, msinkhu wake, zimene akumva, manambala ake, n'kufunsa kuti uyamba ndi chiyani. Mwa mayankho anayi, atatu akhoza kukhala oona ndithu, koma limodzi ndilo loyamba: njira ya mpweya, kupuma, kuyenda kwa magazi, zina pambuyo. Ife a mu Lusaka tilibe chowiringula pa matenda otsekula m'mimba. Kumayambiriro kwa 2024 tinaona National Heroes Stadium itasanduka chipatala cha kolera. Wophunzira amene sangandiuze kuti munthu wouma kwambiri m'thupi amalandira Ringer's lactate 100 ml pa kilo iliyonse, 30 zoyamba m'mphindi 30 ndi 70 zotsalazo m'maola awiri ndi theka ngati wapitirira chaka chimodzi, ameneyo sanakonzeke, angakhale ataloweza mapepala a zaka khumi. Mapepala akale ndi abwino, musandimve molakwa. Ayankheni buku litatsekedwa, wotchi ili patebulo, kenako mufufuze chifukwa chake yankho lililonse lolakwika lili lolakwika. Khalani atatu kapena anayi, wina akhale wodwala, wina namwino, wina woyesa wouma mtima. Chimene sungathe kufotokozera mnzako m'Chinyanja chomveka, sunachimvetse.

Tsopano kwa inu makolo, chifukwa ndalama zimachokera kwa inu. Mayeso akayandikira, pa WhatsApp ndi pa Facebook pamadzaza anthu olonjeza likeji. Amati tumizani ndalama pa foni, pepala lifika usiku. Chimene chimafika, ngati chafika n'komwe, ndi mafunso akale ongosinthidwa deti, nthawi zina mayankho ake ali olakwika, ndipo mwana amataya masiku omaliza kuloweza bodza. Akagwidwa nalo m'chipinda cha mayeso, zaka zitatu za fizi zapita. Ena amanena kuti ali ndi munthu m'kati amene angasinthe zotsatira. Ena amagulitsa zolembera zodzozedwa ndi timabotolo ta mafuta. Pempherani ndithu, inenso ndimapemphera, koma cholembera sichidziwa kusiyana kwa milligram ndi microgram. Ndipo tiyerekeze kuti likejiyo inali yeniyeni, mwana n'kukhoza: tsiku lina amene adzagone pabedi lija akudikira jakisoni wake akhoza kukhala inuyo.

Chinanso, makoleji a unamwino achuluka mumzinda muno, ena abwino, ena ongobwereka nyumba n'kupachika chikwangwani. Musanalipire ngakhale ngwee, pitani nokha ku khonsolo ya anamwino ija mukafunse ngati sukuluyo ndi maphunziro akewo n'zovomerezeka, ndipo funsani kusukuluko kuti ophunzira amakaphunzira ntchito ya manja m'zipatala ziti. Mwana amene wafika chaka chachitatu asanaikepo diripi kapena kusamalira chilonda cha opaleshoni, musadikire zotsatira kuti mudziwe kuti pali vuto. Mufunseni lero akuwerengereni madontho a 500 ml m'maola 4 ndi chubu cha madontho 20. Akayamba kufufuza foni m'thumba, mutumizeni kwa mphunzitsi wake Lolemba likubwerali, osati mwezi wa mayeso.