Sayansi Sitseka Nkhani

Ambirife tinakula tikuganiza kuti asayansi akaona chinthu chikubwerezabwereza, basi, nkhani yatha. Si choncho ayi. Kwa zaka mazanamazana anthu a ku Ulaya ankakhulupirira kuti mbalame zonse zotchedwa swan ndi zoyera, poti zonse zimene ankaona zinali zotero. Mu 1697 Willem de Vlamingh, woyenda panyanja wa ku Netherlands, anakapeza zakuda ku Australia.

Karl Popper, katswiri wa nzeru zakuya, m'buku lake la 1934, anati ganizo limakhala la sayansi ngati umboni ungathe kuligwetsa. Mfundoyi ndimaikonda kwambiri, chifukwa imatiphunzitsa kufunafuna pamene talakwa. Ngakhale malamulo a Isaac Newton a mmene zinthu zimayendera ndi kukokana, atalamulira zaka zoposa 200, analephera kufotokoza bwinobwino kayendedwe ka pulaneti la Mercury mpaka Einstein anabwera ndi yankho mu 1915.